Lamba wa kamera wosapweteka khosi ndi chifuwa: tithandizane amayi

Nachisale: Moni nonse amayi ndi atsikana a pagulu lino. Funso langa likupita kwa inu amene mumajambula maukwati. Kodi makamera mumawanyamula bwanji kuti mufike madzulo khosi lili bwinobwino? Ine ndikugwiritsabe ntchito lamba amene anabwera m'bokosi limodzi ndi kamera, uja wolembedwa dzina la kampani. Chaka chino ndagula kamera yachiwiri, ndipo ziwiri pakhosi limodzi sizingatheke. Ndaona ma harness, malamba ovala pamapewa onse awiri opachikapo makamera, pa intaneti koma pazithunzi zonse ovala ndi azibambo. Nanga ife a chifuwa malambawo amadutsa pati? Musachite manyazi, kuno kulibe abambo.

Mayi a Tadala: Mwafunsa bwino achemwali, safunsa anadya phula. Koma tiuzeni kaye mumanyamula chiyani. Kamera yanji, lenzi yanji, fulashi ilipo? Malangizo a munthu wa kamera yaing'ono ya lenzi ya 50mm ndi ena, a munthu wonyamula lenzi yaikulu ya 70-200 ndi enanso.

Nachisale: Canon 5D Mark IV ziwiri, yachiwiriyo ndagula yogwiritsidwapo kale ntchito. Ina imakhala ndi lenzi ya 24-70 f/2.8, inayo ya 70-200 f/2.8. Fulashi ndimaika tikalowa mu holo.

Mayi a Tadala: Tiwerengere limodzi. 5D Mark IV ili ndi batire ndi khadi imalemera magalamu 890. Lenzi ya 70-200 f/2.8 ndi pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Pamenepo tafika kale pa makilogalamu 2.4, ndipo mukaikapo fulashi ndi mabatire ake mwayandikira 3. Kamera inayo ndi 24-70, imene imalemera magalamu 805, ndi makilogalamu 1.7. Zonse pamodzi zikupitirira makilogalamu 4.5, kuyambira m'mawa pamene mkwatibwi akudzola mpaka perekaniperekani atatha. Lamba wa m'bokosi uja sanamupangire ntchito imeneyo. Ndi wopyapyala, m'mphepete mwake ndi molimba, ndipo katundu yense amamutula pamalo amodzi kumbuyo kwa khosi. Choyamba chotsani kamera pakhosi. Zoti mugule chiyani zibwera pambuyo.

Nangozo: Ndilowererepo monga munthu amene ndimagwira ntchito ya physio, yothandiza anthu a mavuto a minofu ndi mafupa, zojambulazi ndi za Loweruka chabe. Katundu akalendewera kutsogolo kuchokera pakhosi, mutu umakokedwa kupita kutsogolo, ndiye minofu ya kumbuyo kwa khosi ndi ya pamwamba pa mapewa imakhala ikukoka tsiku lonse osapuma. Ndi chifukwa chake ena mumafika kunyumba mutu ukuwawa kuyambira kunkhongo. Paphewa, pakati pa khosi ndi fupa la phewa, pamadutsanso mitsempha yopita kumkono. Lamba wopyapyala akamadina pamenepo nthawi yaitali, zala zimatha kuchita dzanzi. Dzanzi likamabwera pafupipafupi, kapena mkono ukayamba kufooka, pitani kuchipatala akakuoneni, musangosintha lamba basi.

Pempho: Asisi Nangozo, ine dzanzi limandigwira chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho. Ndimaganiza kuti ndi chifukwa chodina batani kwambiri kkkk.

Nangozo: Batani mumadina ndi chala chamkombaphala, chaching'onocho chalakwanji? Zala ziwirizo zimayendera mtsempha umodzi, ndipo ukhoza kupanikizika pachigongono, pamkono, kapena kumtunda kufupi ndi khosi. Pa foni pano sindingadziwe kuti wanu ukupanikizika pati. Yambani mwasiya kukoleka chikwama cha makamera paphewa limodzi lomwelo, muone ngati zisinthe. Zikapitirira, kuchipatala.

NaBanda wa ku Joni: Ine ndinayamba ndi lamba wopingasa wa BlackRapid, uja amachoka paphewa lamanzere kudutsa pachifuwa mpaka m'chiuno kumanja. Kamera imamangidwa pansi, pa bowo lomangira tripod (chokhazikapo kamera cha miyendo itatu), ndipo imalendewera chadodolido pambali. Ukafuna kujambula umangoikoka, imatsetsereka pa lamba mpaka pamaso. Khosi limapumadi. Koma funso la Nachisale ndi lenileni: lamba ameneyu amadutsa pakati pa mabere. Ukavala bulauzi yopepuka amakugawa chifuwa pawiri moti aliyense mu holo amaona, ndipo kamera ikamalemera m'pamene amalowa kwambiri. Ine ndimavala pamwamba kajekete kakuda kopanda manja kuti zisamaoneke.

Nasibeko: A BlackRapid omwewo anatulutsapo wa amayi wotchedwa RS-W1. Chapaphewa chake chinali chokhota kuti lamba azilambalala chifuwa m'malo mochidula pakati. Kuno ku Leeds, ku England, ndimamuona pa msika wa pa intaneti wa eBay nthawi zina, wogwiritsidwapo kale ntchito. Wanga ndinagula choncho. Amathandiza ndithu koma si mankhwala a aliyense. Mnzanga wa chifuwa chachikulu kuposa changa atayesa anati kukhotako kukuthera pamwamba, pamene payenera kulambalalidwa sipakufikidwa n'komwe.

Thoko: Nanga ife afupiafupi mutiganizireko. Malamba opingasawa ngakhale uwafupikitse mpaka pamapeto, kamera imakafikabe pantchafu. Ukamathamangira kutsogolo kwa akwati potuluka m'tchalitchi imakumenya mwendo sitepe iliyonse, ndipo ukagwada kuti ujambule ana onyamula maluwa, lenzi ili pansi pa simenti.

Nasibeko: Thoko, pogula muziyang'ana nambala ya kufupika kwake, ambiri amangoyang'ana kutalika. Peak Design Slide amafupika mpaka masentimita 99 ndi kutalika mpaka 145. Tengani chingwe, muchizungulize kuchokera paphewa mpaka pamene mukufuna kamera izikhala, muyeze ndi tepi ya atelala. Ikakwana 99 kapena kuposa, ameneyo akukwanani. Pamalo pabwino ndi pamene dzanja lanu limafika lokha mkono uli chotambasuka pang'ono, cha pafupa la m'chiuno.

Chiko: Ine Slide ndi amene ndimagwiritsa ntchito ndipo sindidandaula. Ndi wotambalala mamilimita 45, nsalu yake ngati ya lamba wa m'galimoto. Mbali imodzi ndi yoterera, inayo ili ndi timizere togwira kuti asatsetsereke paphewa. Chimene ndimamukondera n'chakuti umafupikitsa kapena kutalikitsa ndi dzanja limodzi, ndiye ndikamadutsa pakati pa anthu ndimamukoka kamera n'kukhala kumsana, osalendewera. Alipo wocheperapo wa mamilimita 32, Slide Lite, wa makamera opepuka. Koma ine ndimanyamula Sony A7 III, magalamu 650 okha, ndi lenzi yaing'ono. Katundu wa Nachisale pa phewa limodzi tsiku lonse, ayi, sindingamunamize.

Mayi a Tadala: Apo mwanena zoona Chiko. Lamba wopingasa ndi wa kamera imodzi. Ena amavala awiri mopingasana, wina uku wina uku, koma amakolana pachifuwa ndipo wapansiyo satsetsereka chifukwa wapamwamba wamupanikiza. Makamera awiri olemera njira zake ndi ziwiri basi: harness ya mapewa onse, kapena lamba wa m'chiuno.

Ndiyambe ndi harness chifukwa ndi imene ndakhala nayo nthawi yaitali. Yanga ndi HoldFast MoneyMaker, yachikopa. Kumsana malamba amapingasana, kutsogolo amatsika kuchokera pamapewa n'kukhotera kukhwapa, ndiye pakati pa chifuwa sipadutsa kanthu. Kamera iliyonse ili ndi chotsetserekera chake mbali yake. Kwa ife amayi ubwino wake ndi umenewo. Koma pali zinthu zimene pa zithunzi za otsatsa malonda simungazione. Chikopa chikakhala chatsopano n'cholimba, chimakhula kutsogolo kwa khwapa, penipeni pamene pamadutsa lamba wa bra. Ukavala bulauzi yopanda manja umabwerako utasupuka. Chachiwiri, ukachotsa kamera imodzi, mbali inayo imakoka harness yonse n'kupendekeka. Chachitatu, chotsetserekera chachitsulo chija chimatsina. Chimatha kugwira nsalu ya bulauzi kapena mnofu wa pambali pa bere pamene ukukweza kamera mofulumira, ndipo umafuula mumtima uku m'busa akudalitsa mphete.

Thoko: Kkkkk Mayi a Tadala, mwandikumbutsa tsitsi. Ine ndikaluka zingwe zazitali zimakodwa m'zitsulo za kumsana. Tsiku la ukwati ndimamanga mpango kapena kuzikulunga pamwamba.

Mayi a Tadala: Ndolo zolendewera nazonso zisiyeni kunyumba. Kuti ndimalize za MoneyMaker: ilipo ya malamba ocheperako m'lifupi imene amaitcha Skinny, ndipo kwa munthu wa mapewa aang'ono ndi yabwinopo chifukwa yaikuluyo imafika mpaka pakhosi. Ilinso ndi masaizi motengera msinkhu wa munthu, musangogula iliyonse. Mtengo ndi umene umaliza: madola opitirira 200 musanawerengere zotumizira ndi msonkho wolowetsera katundu.

Pempho: Madola 200! Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kuzipezamu? Ine ndingopitiriza ndi khosi langa lomweli.

NaBanda wa ku Joni: Musathawe Pempho, tifika pa zotsika mtengo. Ine ndimatsutsana pang'ono ndi Mayi a Tadala pa nkhani ya harness. Inde imagawa katundu mapewa onse, komabe ndi mapewa omwewo, ndipo msana umamvabe. Ine ndinasamukira m'chiuno. Ndimagwiritsa ntchito SpiderPro. Ndi lamba wokhuthala womanga m'chiuno, ali ndi kachitsulo kokhala ndi mpata mbali iliyonse. Pansi pa kamera umamangapo kambale kokhala ndi kamutu kozungulira, kamutuko kamalowa mumpata muja n'kutsikira pansi, kamera n'kukhala pambali pa ntchafu. Pali kotsekera koti ukafuna kamera isatuluke ngakhale udumphe. Kumtunda konse kulibe kanthu. Chifuwa chili pamtendere, bulauzi siikwinyika, thukuta la kumsana lachepa.

Ndipo taganizani, ife amayi chiuno tili nacho. Azibambo lamba ameneyu amawatsetsereka mpaka amamangitsa ngati akufuna kudzidula pakati, pamene ife amakhazikika yekha pamafupa. Ndi chimodzimodzi kubereka mwana: nsalu ikamangidwa bwino mwana n'kukhazikika pachiuno, umayenda naye mpaka kumsika, koma akalendewera pamapewa sufika patali.

Anti a ku Zomba: Ana inu, zonsezi mukukamba ngati aliyense amajambula atavala thalauza. Mipingo ina kuno salola mayi kulowa m'tchalitchi ndi thalauza, kaya ndiwe wojambula kaya ndiwe ndani. Pa chinkhoswe kumudzi umafunika chitenje. Ndiye lamba wa m'chiunoyo pamwamba pa chitenje zimayenda bwanji?

NaBanda wa ku Joni: Anti, pa diresi zimayenda, bola ikhale ya nsalu yosaterera. Lambayu safuna timalupu ta thalauza, amadzigwira yekha. Pa diresi ya silika kapena satini amayendayenda ndipo amakweza diresi pang'onopang'ono, umangozindikira mawondo ali pamtunda. Pa chitenje sindinayesepo.

Tiya wa ku Chipata: Ine ndinayesapo pa chitenje ku kitchen party. Chimene chimachitika n'chakuti kulemera kwa kamera kumakokera lamba pansi mbali imodzi, lamba n'kumakoka chitenje, mfundo n'kumamasuka. Mankhwala ake ndi kusokeratu. Telala wanga anandisokera siketi yaitali ya chitenje yokhala ndi zipi ndi chiuno cholimba, kuyang'ana patali umangoti wamanga chitenje. Anaikanso matumba awiri akuya a mabatire ndi makhadi. Lamba amakhala pamwamba pake osasuntha.

Anti a ku Zomba: Imeneyo ndiye nzeru. Matumbawo mwandigwira mtima, madiresi athuwa osoka amaiwala kuti mayi nayenso ali ndi zonyamula.

Chiko: Koma lamba wa m'chiuno ali ndi vuto limene NaBanda sanalitchule. Kamera ikakhala m'manja siimangidwa kulikonse. Pa perekaniperekani anthu akuvina, wina akuponya ndalama, wina wakugunda chigongono, kamera ikapulumuka ikupita pansi basi. Pa harness ikapulumuka imangolendewera.

NaBanda wa ku Joni: N'zoona, n'chifukwa chake ndimaika kalamba ka padzanja pa kamera iliyonse. Vuto lina ndiwonjezere ndekha: umatambalala. Makamera awiri m'chiuno, pakati pa mabenchi a m'tchalitchi sudutsa chamaso, umayenda chammbali uku ukupepesa. Ndiponso ana aang'ono mitu yawo imafika pamene pali lenzi. Ukamatembenuka uziyamba wayang'ana pansi.

Nachisale: Ndikuwerenga zonse mwachidwi. Koma pali china chimene sindinanene. Ndili ndi mwana woyamwa, ndipo ndinachira kudzera opaleshoni. Lamba wa m'chiunoyo sangadine pachilonda?

Nangozo: Zikomo kuti mwanena, chifukwa zikusintha yankho. Lamba wolemera wa m'chiuno kutsogolo amadutsa cha pamene pali chipsera cha opaleshoni. Musamuyambe musanafunse adokotala kapena anamwino amene akukuonani kusikelo, ndipo ngakhale atakulolani, yesani kaye kunyumba kwa kanthawi ndi kamera imodzi. Mukamva kukoka kapena kuwawa pachipsera, vulani. Mbali ya kuyamwitsa, chilichonse chodina bere malo amodzi kwa maola ambiri chikhoza kupangitsa kuti mkaka usayende bwino pamenepo, bere n'kuchita chotupa chowawa. Ndiye lamba wopingasa wa pakati pa chifuwa ndi 70-200 ine sindingakulimbikitseni panopa. Harness yodutsa kukhwapa ndi yabwinopo, koma muonetsetse kuti siikudya m'mbali mwa bere, chifukwa bere limafika mpaka kufupi ndi khwapa. Ndipo muyeze m'mawa ndi madzulo omwe. Mayi woyamwitsa amene watha maola angapo osayamwitsa chifuwa chake sichikhala saizi imene anachoka nayo kunyumba.

Mayi a Tadala: Mfundo yomalizayo ilembeni penapake atsikana. Harness ikhale yoti mukhoza kuimasula bowo limodzi kapena awiri masana.

Nasibeko: Wina asakuuzeni za Cotton Carrier pa nkhani ya ukwati. Ndi ija yovala ngati vesiti, kamera umailowetsa pachifuwa n'kuipotoza kuti itsekeke. Ndinabwerekapo pokayenda kumapiri ndipo kumeneko ndi yabwino zedi, kamera siigwedezeka, manja onse ali omasuka. Wokwera Mulanje kapena wojambula mbalame ku Liwonde angaikonde. Koma mbale yake yolimba imakhala pachifuwa penipeni. Kwa ife ena kamera imatsogola patali moti mapazi suwaona, ndipo kutentha kwake musanene.

Thoko: Za kutenthazi zikambidwe bwino. Inu a ku Leeds mumayesa zinthu kozizira. Bwerani mujambule ukwati wa panyanja ku Mangochi mwezi wa October masana. Malamba a neoprene aja, ofewa otamuka ngati a Op/Tech, paphewa amamveka bwino kwambiri chifukwa amatamuka ukamayenda, koma salowa mphepo. Pansi pake pamanyowa chonyowa, kenako zidzolo. Ine ndimakonda okhala ndi timabowo kapena nsalu ya ukonde pansi.

Mayi a Tadala: Chikopa nachonso chili ndi zake. Chikanyowa ndi thukuta chimatha kusiya mtundu pa bulauzi yoyera, makamaka chikakhala chatsopano. Nthawi ya mvula ukachisiya m'chikwama chimachita nkhungu. Ndimachipachika panja pa kabati kuti chipitidwe mphepo, ndipo ndimavala zakuda kapena zamtundu wodera.

Pempho: Tsopano tifike kwa ife a matumba obooka. Ndaona ma harness pa masitolo a pa intaneti otsika mtengo kwambiri, maonekedwe ake ofanana ndi enieniwo. Ndigule?

Tiya wa ku Chipata: Ndinagulapo imodzi yotero. Nsalu yake inalibe vuto, mapewa ankamva bwino. Chimene chinandiopsa ndi zitsulo. Kokolowekera kake kanali kopepuka ngati ka pa chikwama cha m'manja, ndipo kasipuling'i kake kanafooka msanga moti kankatseguka kokha. Ndinachotsa zitsulo zonse n'kuika zina zolimba zokhala ndi chotsekera chopotokola. Ngati mugula yotsika mtengo, ikani ndalama ina pambali ya zitsulo.

Anti a ku Zomba: Ine yanga anandisokera wosoka nsapato ndi zikwama pamsika, ndipo ndiyofanana ndi thupi langa kuposa zonse zimene ndinayesapo. Ndikuuzeni mmene tinachitira. Malamba tinatenga a m'galimoto kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto owonongeka. Inu a ku Lilongwe pitani ku Biwi, a ku Blantyre ku Ndirande simungasowe. Sankhani osathetheka m'mphepete ndi osapsa ndi dzuwa. Ndinavala bulauzi imene ndimagwirira ntchito, mnzanga n'kundiyala malambawo pathupi, tikumagwira ndi mapini ndi kulemba ndi choko: popingasana kumsana pakhale pakati pa mafupa a mapewa, osati pafupi ndi khosi, ndipo kutsogolo atsike kunja kwa chifuwa osakhudza khwapa. Tinasuntha kangapo mpaka ndinatha kukweza manja onse osamva kukoka. Paphewa anaikapo siponji yolimba n'kukuta ndi chitenje. Chitenjecho n'chokongoletsa chabe, chisanyamule katundu, chimang'ambika.

Posoka muumirire ulusi wa nayiloni umene amasokera nsapato, ndipo polumikiza paliponse asoke kabokosi kokhala ndi mtanda mkati, asangodutsa mzere umodzi. Mphete zachitsulo zikhale zowotcherera. Zija zongopinda, zokhala ndi kampata polumikizira, zimayasama zikalemedwa.

Pempho: Anti, mwandipulumutsa. Nanga kabawuti kolowa pansi pa kamera ndikagule ku hardware?

Mayi a Tadala: Ayi ayi Pempho, pamenepo pokha musayerekeze. Bowo la pansi pa kamera mazinga ake ndi a muyezo wa mainchesi, umene amalemba kuti 1/4-20. Mabawuti ambiri a ku hardware kuno ndi a mamilimita. Ka mamilimita kotchedwa M6 kamaoneka kofanana ndipo kamayamba kulowa, koma mazinga ake ndi osiyana. Mukakakamiza mumadya mazinga a kamera, ndipo kamera imeneyo siidzakhalanso pa tripod mpaka asinthe chapansi chonse. Kabawuti katalinso kuposa bowo kamakaboola mkati. Gulani kenikeni kopangira makamera, kokhala ndi mphete ndi kalabala kake. N'kakang'ono, aliyense wochokera ku Joni akhoza kukubweretserani m'thumba. Mukasowa, chotsani ka pa kambale ka tripod yakale.

NaBanda wa ku Joni: Ndikubwera kumudzi nyengo ya Khirisimasi, amene akufuna tizitsulo timeneti andilembere kumbali. Ma harness athunthu ayi, chikwama changa chili kale ndi katundu wa achibale kkkk.

Chiko: Popeza tafika pa zitsulo, makamera ambiri amene ndamva kuti agwa sanagwe chifukwa lamba waduka. Kabawuti ka pansi kamamasuka pang'onopang'ono kamera ikamazungulira pambali pako. Ine ndisanatuluke m'nyumba ndimakamanga, tikafika ku holo ndimakayesanso. Ena amanyowetsa kalabala kaja pang'ono asanamange kuti kagwire bwino. Ndipo ikani kachingwe kachiwiri kuchokera pa khutu la kamera, kachitsulo ka pambali komangapo lamba wa m'bokosi, kupita pa lamba, kuti bawuti ikamasuka kamera itsale ikulendewera.

Amene muli ndi tima Anchor ta Peak Design, tija tozungulira takuda ndi tofiira tolumikizira lamba ku kamera, kampaniyo imati kamodzi kamapirira makilogalamu 90, koma chingwe chake chimatha ndi kukhulana ndi chitsulo. Anachipanga cha mitundu yosiyana mkati dala. Mukaona mtundu wachikasu kapena wofiira ukusuzumira pansi pa chakudacho, sinthani tsiku lomwelo.

Mayi a Tadala: Nachisale, china chofunika pa 70-200 yanuyo: lamba mumange pa phazi la lenzi, lija la tripod, osati pansi pa kamera. Lenziyo ndi yolemera kuposa kamera. Mukamanga pa kamera, kilogalamu ndi theka yonse imalendewera pa polumikizira lenzi tsiku lonse, uku ikugwedezeka. Mukamanga paphazi, zonse zimakhala mopingasa pambali panu ndipo lenzi siiloza pansi kuti izikagunda masitepe.

Thoko: Ndifunse funso lopusa. Bwanji osangochepetsa katunduyo? 70-200 ya f/4 imalemera pafupifupi theka la ya f/2.8. Ine ndinasankha imeneyo ndipo akwati sanabwerepo kudzadandaula.

Nachisale: Si lopusa ayi, koma matchalitchi ena ndi amdima Thoko, ndipo abusa ena salola fulashi nthawi ya malumbiro. Magetsi akangozima mu holo, f/2.8 ija ndi imene imandiombola chifukwa imalowetsa kuwala kochuluka kuposa f/4. Masana panja ndikuvomereza, f/4 ikukwana.

Nangozo: Ngakhale osasintha lenzi, pali nthawi zambiri pa ukwati pamene kamera yachiwiri ilibe ntchito. Nthawi ya ulaliki, nthawi ya chakudya, poyembekezera akwati kuti asinthe zovala. Ikhazikeni pansi pamalo otetezeka kapena mupatse wokuthandizani, mutambasule mapewa, muzunguze khosi pang'onopang'ono. Musinthanenso mbali: yolemera ikakhala kumanja m'mawa, masana ipite kumanzere ngati dzanja lanu likulola.

Anti a ku Zomba: Kuika pansiko muzionetsetsa, pa ukwati sipabwera oitanidwa okha. Ine kamera ikachoka pathupi imapita m'manja mwa mwana wa mchemwali wanga amene ndimayenda naye, osati pampando. Ndipo lamba wolembedwa dzina la kamera ndi zilembo zikuluzikulu uja ndinamutaya kalekale, amaitana maso m'tauni. Pa kabaza kapena mu minibasi zonse zimalowa m'chikwama, harness ndimavalira pofika.

Nasibeko: Chinanso chothandiza kwa amene amayenda ndi chikwama cha kumsana ndi Capture ya Peak Design, kachitsulo komanga pa lamba wa chikwama kamera n'kumakhala pamenepo. Koma kwa ife amayi malo ake ndi ovuta, lamba wa chikwama amadutsa pabere ndendende. Ine ndimakakweza pamwamba kufupi ndi phewa, kapena kukamanga pa lamba wa m'chiuno. Ndi ka kamera yopepuka, 70-200 pamenepo imakupendeketsa.

Mayi a Tadala: Ndaona kuti pagulu pano tili ndi pafupifupi mtundu uliwonse: MoneyMaker yanga, Slide ya Chiko, yosoka ya Anti, ndipo ndikudziwa kuti ena amene akungowerenga mwakachetechete ali ndi BlackRapid ya makamera awiri. Bwanji tikadzakumana mwezi wamawa aliyense abweretse wake? Munthu avale, apachike makamera ake enieni, ayende, agwade, akwere pampando, akweze manja. Mphindi zochepa m'sitolo sizikuuza kanthu, ndipo kuno masitolo oti ukayeseko n'ngosowa. Mubwere mutavala zimene mumavala pogwira ntchito, bra yomweyo, nsapato zomwezo.

Nachisale: Ine ndidzabwera. Pakadali pano ndiyamba ndi njira ya Anti chifukwa ndikhoza kuuza wosoka kuti malamba adutse patali ndi bere, ndipo za m'chiuno ndikafunsa kaye kusikelo. Anti, mungajambule harness yanu kutsogolo ndi kumbuyo, makamaka posokapo, kuti ndikamuonetse wosoka? NaBanda, ndilembeni tizitsulo tiwiri.

Pempho: Inenso tiwiri asisi NaBanda. Anti, siponji yake ndi ya matiresi yomweyi?

Anti a ku Zomba: Ya matiresi ayi mwanawe, imaphwa msanga ndipo imamwa thukuta. Funsani ija yolimba imene amaika m'malamba a zikwama za kumsana, kapena gulani chikwama chakutha pa kaunjika mumetepo malamba ake. Zithunzi nditumiza mawa kukacha, pano magetsi azima.